Dzanja la Mkamwini pa Kava

Mayi a Tsitsani sanapite kukaona kava ya mwana wawo ngati munthu wopita kokasangalala. Anapita mmene amapitira kokapikula nsapato, maso patsogolo, lilime atalinola. Dzina loti a Tsitsani anawapatsa ndi anzawo a pamsika, chifukwa munthu asanamalize n'komwe kutchula mtengo wa chinthu, iwo amakhala atayankha kale. M'mawa umenewo benchi lawo la nsapato za kaunjika analisiya m'manja mwa mnzawo wogulitsa malamba, n'kumuuza kuti sachedwa.

Mwana wawo wamkazi, yemwe anali woimba, ndi amene ankatsogolera njira. Anali atamaliza kujambula dividi yake yachiwiri ya nyimbo zauzimu. Nyimbo anapeka yekha, kuimba anaimba yekha, ovina anawaphunzitsa yekha kuseri kwa nyumba mpaka udzu unatha. Chimene chinatsala chinali chikuto basi, kapepala kolowetsa m'kabokosi ka dividi, kamene eni ntchitoyo amati kava.

Wopanga makava ankagwirira ntchito m'kachipinda ka kuseri kwa malo ometera. Kuti ukafike umadutsa pakati pa anthu ometedwa, n'kuponda tsitsi la eni ake, kenako n'kulowa chammbali chifukwa chitseko chimagunda purintala. Mkatimo munkanunkha inki. Fani inkazungulira mwaulesi, ikungosuntha kutentha kuchoka pakona ina kupita pakona ina. Khoma lonse linali makava okhaokha, kuyambira pansi mpaka kudenga.

Mayi a Tsitsani anayang'ana khomalo, n'kufunsa asanapereke ndi moni womwe.

"Onsewa ndi a mimba imodzi?"

Wamakava anaseka. Anali bambo wadazi, magalasi ali pansonga ya mphuno, mawu ake ofatsa ngati a munthu amene wafotokozapo chinthu chimodzimodzi kambirimbiri.

"Takulandirani, amayi. Amafanana chifukwa kava ili ndi malamulo ake. Wa nyimbo zauzimu amayang'ana kumwamba, kumbuyo kwake mathithi kapena mitambo, pakona nkhunda yoyera. Wa nyimbo zachikondi amagwira pamtima. Anyamata ovala zipewa chambuyowa amatsamira galimoto, ngakhale kwawo alibe ndi njinga yomwe. Dzina timalemba ndi zilembo zagolide. Kuseri kumakhala mayina a nyimbo, tizithunzi ta ovina, pansi nambala ya foni. Munthu ali patali amadziwiratu kuti m'kabokosimo muli chiyani."

"Nkhundayi ndi imodzi yomweyo?"

"Ndi yomweyo, amayi."

"Yatopa. Tationetsani za mwanayu, ine ndasiya benchi."

Wamakava anatembenuza kompyuta kuti aone bwino.

Poyamba Mayi a Tsitsani sanamuzindikire mwana wawo. Deresi loyera linali lake ndithu, analigula iwo omwe. Koma nkhope inali yoyera mbee ngati aithira ufa, ndipo kumbuyo kwake kunali mathithi amene mwanayo chibadwire sanawaonepo. Anatsegula pakamwa kuti ayambe ndi za khungu, koma maso awo anagwera pa china. Kumanja kwa chithunzicho, kumbuyo pang'ono kwa mwana wawo, kunaima mkamwini. Suti yotuwa, tayi wofiira, kumwetulira kwa munthu amene sanaphepo ndi nyerere yomwe. Dzanja lake linali paphewa la mwanayo.

Mkamwini ameneyu ndi amene ankaimba kiyibodi pa dividi yoyamba. Kutchalitchi anali nkhosa. Zala zake zikamayenda pa kiyibodi azimayi ankapukuta misozi. Zala zomwezo zikafika kunyumba zinkapindika n'kukhala chibakera. Mwana anapirira, anapirira, mpaka dzinja lathali anatulukira pakhomo pa mayi ake ndi ana awiri ndi chikwama chimodzi, diso litatupa. Mayi a Tsitsani sanafunse zambiri. Anasuntha matumba a nsapato m'chipinda n'kuyala matiresi.

Chiyambire pamenepo anthu a kutchalitchi sanaleke kubwera awiriawiri kudzanena kuti banja ndi kupirira. Mkamwini ankauza aliyense kuti mkazi wake wangopita kokapuma, abwera. Ndipo mwanayo, mayi ake ankamuona, masiku ena ankagwedezeka ngati dzino lofuna kuguluka. Tsono kava iyi ikanangotuluka, n'kupachikidwa m'mashopu ndi m'magalasi a mabasi, aliyense akanati abwererana. Munthu amene chithunzi chake chikunena kuti ali pabanja angakane bwanji ndi pakamwa? Akanamukankhira kwa mwamunayo ndi kava yake yomwe.

"Uyu akufuna chiyani apa?" anafunsa Mayi a Tsitsani, chala chili pagalasi la kompyuta.

"Amayi, musakhudze, mudetsa."

"Padetsedwa kale. Ndati akufuna chiyani? Waimba nyimbo iti? Wavina pati?"

Wamakava anakankhira magalasi m'mwamba. Anafotokoza kuti chithunzi cha bambowo anachitenga pa kava yakale, anachidula n'kuchimata apa. Amene analamula ndi bwana wa zimbale, mwini shopu yaikulu ya pamsewu waukulu, amene amagawa madividi kwa ogulitsa ena onse.

"Ndi lamulonso limeneli," anatero. "Taonani khomali. Mzimayi wa nyimbo zauzimu saima yekha. Bambo amaima kumbuyo, dzanja paphewa. Akaima yekha anthu amafunsa kuti banja lili kuti, ndipo azimayi anzake omwe ndi amene amayamba kusagula."

Mayi a Tsitsani anatembenukira mwana wawo. Iye anali atayang'ana pansi, akupotokola lamba wa kachikwama.

"Iwe, umadziwa?"

"Anandiuza bwana, amayi. Anati ndi chithunzi chabe."

"Chithunzi chabe! Ndiye ukanandiuza kunyumba, bwenzi ndabwera ndi chithunzi cha diso lija, tikanamata pambali pa nkhunda."

"Amayi, pali anthu."

"Anthu ndi amene ndikufuna amve." Anabwerera kwa wamakava. "Mwamumata ndinu, mumuchotsenso ndinu. Ndipo mwana wanga sindinamubereke woyera chonchi. Bwezerani khungu lake."

"Khungu timawalitsa pang'ono kuti..."

"Pang'ono? Apa mwakolopa. Bwezerani."

Za khungu sizinavute. Wamakava anagwira mausi ya kompyuta, nkhope ija inayamba kuda pang'onopang'ono mpaka inakhala ya mwana wawo weniweni. Za mkamwini anazengereza. Anayang'ana woimba uja, woimbayo anangopitiriza kupotokola lamba uja. Anayang'ana mayi aja, n'kuona kuti akhala kale pampando, chikwama chili pamiyendo, ngati munthu amene akhoza kugona pomwepo. Anapumira m'mwamba, n'kuyamba kuzunguliza kamzere m'mbali mwa suti yotuwa ija. Anadina kamodzi. Mkamwini anasowa.

Koma si yense. Paphewa la mwanayo panatsala zala zinayi ndi mphete.

"Nanga izo?"

"Dzanja ndinalimata palokha, amayi, kuti lioneke ngati lagwiradi."

"Limagwiradi, ife tikudziwa. Chotsani."

Kumalo ometera kuja munthu wina anaseka mpaka wometa anazimitsa makina. Wamakava anafufuta zalazo chimodzichimodzi, n'kukonza nsalu ya deresi pamene panali dzanja. Woimba uja anakweza mutu kwa nthawi yoyamba. Anagwira phewa lake lenileni, ngati wamva kupepuka, kenako anatsitsa dzanja msanga.

Tsopano kumanja kwa kava kunatsala mpata waukulu. Mwana anali ataima kumanzere yekha, pambali pake pali madzi okhaokha.

"Mwaona vuto lake?" anatero wamakava. "Kava simakhala ndi dzenje. Diso la wogula likagwera padzenje limafunsa kuti panali ndani. Tiikepo kanthu. Galimoto?"

"Ali nayo?"

"Palibe amene ali nayo, amayi. Nyumba yosanja?"

"Kuti eni nyumba yathu akweze lendi?"

"Mkango, tsono. Ena amakonda mkango."

"Tachotsa chilombo china, mukufuna kuikapo china?"

"Nkhunda yachiwiri."

"Ndakuuzani kuti yoyambayo yatopa."

Wamakava anavula magalasi n'kupukuta kumaso. Ananena mwaulemu kuti iye sangasindikize kanthu bwana wa zimbale asanaone, chifukwa ndi amene amamubweretsera ntchito zambiri. Anatenga foni n'kutuluka nayo panja. Mayi a Tsitsani anamusiya. Iwo sankaopa mabwana. Anali atakanganapo ndi eni mabelo a nsapato, anthu amene sakuyang'ana n'komwe kumaso.

Ali awiri m'kachipindamo, mwana uja analankhula motsitsa mawu.

"Amayi, akakana kutenga madividi ndiye kuti ntchito yonse yapita m'madzi. Ogulitsa onse amatenga kwa iwowo."

"Ndiye?"

"Ndiye ndinaganiza kuti mwina ndingolola. Pepala silimenya munthu."

"Pepala silimenya, inde. Limangotsegulira chitseko womenyayo."

Mwana anabwezera maso pa kompyuta. Fani inapitiriza kuzungulira.

Bwana wa zimbale sanachedwe, shopu yake inali pafupi. Anali munthu wamimba, makiyi ali m'manja, mafoni awiri, wolankhula akuyang'ana wotchi. Analowa chammbali movutikira. Ndipo kumbuyo kwake, ngati kuti wangotsika pa kompyuta paja n'kuzungulira kukhomo, kunalowa mkamwini. Suti yotuwa yomweyo, tayi wofiira yemweyo.

"Ha!" anatero Mayi a Tsitsani. "Tamuchotsa uku, walowera uku."

Mkamwini anawerama pang'ono, manja atawagwirizanitsa.

"Mwadzuka bwanji, amayi? Ana ali bwanji?"

"Ana akugona tulo masiku ano. Zikomo pofunsa."

Bwana uja anayang'ana pa kompyuta n'kupukusa mutu. Sanalankhule ndi mayi aja, analankhula ndi woimbayo.

"Mlongo, tinagwirizana. Ine za m'nyumba mwanu sindilowerera, ine ndimagulitsa. Ntchito imeneyi ndakalambiramo. Mzimayi yekha pa kava yauzimu, katundu amagona pashelefu mpaka kuchita fumbi. Bambowa avomera ndi mtima woyera kuti nkhope yawo ikhalepo, sakufuna kanthu. Wina akanakana."

"Ndakhululuka zonse," anatero mkamwini, akuyang'ana mkazi wake ndi maso ofewa.

Mayi a Tsitsani anaimirira. M'kachipindamo munalibe malo oti anthu asanu aime, moti mimba ya bwana inagunda purintala.

"Wakhululuka ndiwe? Bwana, tamvani. Ine kusukulu sindinapite patali, koma kugulitsa ndimakudziwa. Ndikaika nsapato pabenchi, wogula amagula imene waiona. Sindiika yachikopa pamwamba n'kumukulungira yapulasitiki. Inu mukufuna kugulitsa banja limene kulibe."

"Amayi, tisakangane. Tikumane pakati. Tiwachepetse bambowa, akhale aang'ono, chakumbuyo uko."

"Ayi."

"Tiwaike kuseri kwa kava, pamodzi ndi ovina."

"Wavina?"

"Dzina lokha, tsono. Pansi, tizilembo ting'onoting'ono, kuthokoza mwamuna wanga wokondedwa."

"Kumuthokoza chiyani? Kuti anasiya diso linalo?"

Mkamwini anasiya kumwetulira. Nsagwada zake zinalimba, ndipo Mayi a Tsitsani anaona mwana wawo akubwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda khoma la makava. Iwo sanasunthe.

Bwana anaika makiyi m'thumba. "Chabwino. Mawu anga ndi awa. Kava ikhale mmene inalili, ndikutenga katundu yense lero. Ikakhala ndi dzenje ili, musabwere nayo kushopu kwanga. Bwezerani chithunzicho, achimwene."

"Musabwezere," anatero Mayi a Tsitsani.

Wamakava anachotsa dzanja pa mausi, n'kuika manja onse awiri pamiyendo.

"Pepani nonse," anatero. "Uyu akuti bwezera, uyu akuti usabwezere. Koma nkhope ili apayi si ya bwana, si ya amayi. Mwini nkhope anene. Chimene anene, ndipanga chimenecho."

Onse anatembenukira woimba uja.

Apa ndi pamene Mayi a Tsitsani anakumana ndi ntchito yolemera kuposa kusenza belo. Mawu anali atadzaza m'kamwa, okonzeka, akuthwa. Akanatha kuyankha m'malo mwa mwanayo monga ankachitira kuyambira ali wakhanda, kuchipatala, kusukulu, paliponse. Koma anaona kuti akayankha iwo, mkamwini atuluka muno n'kukauza anthu kuti mkazi wake amamufuna, koma apongozi ndi amene akuwononga banja. Ndipo mwina mwanayo akanakhulupirira zomwezo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Analuma mlomo, anakhalanso pampando, n'kukumbatira chikwama chawo mwamphamvu ngati chikufuna kuthawa.

Kunja makina ometera anali chete. Ometedwa onse anali atatchera khutu.

"Mayi a ana," anatero mkamwini, mawu atawafewetsanso. "Usachititse manyazi utumiki."

Woimba uja anamuyang'ana, osati kumaso koma kudzanja. Kenako anayang'ana pa kompyuta, paphewa loyera lija. Anachoka pakhoma, napita kukaima pambali pa wamakava.

"Dzenjelo likuvuta chifukwa ine ndachepa," anatero. "Ndikulitseni."

"Bwanji, mlongo?"

"Ndikulitseni. Ndisunthireni pakati, mundikulitse mpaka ndidzaze."

Wamakava anagwira mausi. Chithunzi chinasunthira pakati n'kuyamba kukula. Mapewa anafika mbali ndi mbali. Mathithi anabisika kumbuyo kwa deresi.

"Zakwana apa?"

"Onjezani."

Mutu unafika pa zilembo zagolide. Nkhunda inatsala mchira wokha.

"Nkhunda ikutuluka, mlongo."

"Ipite ikapume," anatero woimba uja, ndipo Mayi a Tsitsani anaseka mokweza mpaka anatsokomola.

"Ndiponso," anapitiriza mwanayo, "muli ndi chithunzi china chija, chimene munati sichiyenera chifukwa ndikuyang'ana kutsogolo. Ikani chimenecho. Kumwamba ndimayang'ana ndikamapemphera. Apa ndikufuna ndimuone amene akugula."

Wamakava anasintha chithunzi. Pa kompyuta panadzaza nkhope yakuda, maso ali pa aliyense amene anali m'chipindamo. Sinkafanana ndi kava ina iliyonse pakhoma lija.

Bwana wa zimbale anayang'ana wotchi. "Mwasankha nokha. Mudzandifuna." Anatuluka chammbali, batani la malaya likukodwa pachitseko.

Mkamwini anatsala pang'ono. Anayandikira mkazi wake ngati akufuna kumunong'oneza kanthu, dzanja litayamba kale kukwera. Mayi a Tsitsani anangoika chikwama pansi. Anaimirira. Wometa nayenso anali ataima pakhomo, lumo lili m'manja, ngati wangobwera kudzaona nyengo. Dzanja lija linatsika, linakonza tayi, ndipo mwini wake anatuluka.

"Bwana uja sadzandipatsanso ntchito mwezi uno," anatero wamakava, akuika pepala mu purintala.

"Adzabwera," anayankha Mayi a Tsitsani. "Nkhunda ili ndi inu."

Purintala inakokera pepala, inalira, inalavula kava yoyamba ikadali yofunda. Woimba uja anaitenga ndi manja awiri. Sanalire. Anangoiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti ena onse atha liti.

Bwana uja sananame pa zonse. Ogulitsa a m'misewu ambiri anakana katunduyo, poopa kuyambana ndi amene amawapatsa zimbale. Makatoni anakafikira m'chipinda cha Mayi a Tsitsani, pamwamba pa matumba a nsapato. Woimba uja anayamba kuyenda nawo yekha, m'maofesi, m'masaluni, pamalo okwerera mabasi, madzulo n'kumabwera mapazi atatupa. Masiku ena chikwama chinkabwera chopepuka, masiku ena chimodzimodzi mmene chinapitira. Mayi ake anapatula mbali imodzi ya benchi, anasuntha nsapato za ana, n'kundandalika madividi, nkhope zonse zitayang'ana kunjira.

Tsiku lina pabenchipo panaima mayi wina wa kutchalitchi, mmodzi wa aja ankabwera awiriawiri. Anatola dividi imodzi, anaiyang'ana kumaso, anaitembenuza kuseri, anaitembenuzanso, ngati akufunafuna chinthu chimene chagwa.

"Koma ndiye wadzaza yekhatu," anatero. "Nanga abambo ali pati?"

"Ali kwawo."

"Ayi, ndimangofunsa. Anthu akunena zambiri."

"Auzeni kuti asavutike ndi kunena, abwere adzaone. Chithunzi chikunena chokha."

"Ndiye kuti zobwererana zija..."

"Mayi, mwagwira nyimbo m'manjamo. Mukufuna nyimbo, tengani. Mukufuna mwamuna, ameneyo sitigulitsa pano, tinabweza."

Mayi uja anaika dividi pansi, n'kunena kuti adzadutsanso. Anayenda pang'ono, n'kukaima pa benchi la malamba, akunong'onezana ndi mnzake amene ankamudikira pamenepo, onse awiri akucheuka. Mayi a Tsitsani anadziwa kuti pofika Lamlungu nkhaniyo idzakhala itafika pa mpando uliwonse wa m'tchalitchi, ndipo sipadzakhalanso wonena kuti mwana wawo wangopita kokapuma. Anatola dividi ija, anaipukuta ndi nsonga ya nsalu pamene panagwira zala za mayiyo, n'kuiimika pamwamba pa nsapato yaitali kuposa zonse, kuti awiri aja aione bwino.